Mnzathu akabwerera kwa bambo womumenya uja

"Ndiye wabwereranso?" Funso limeneli limamveka m'magulupu a WhatsApp, ku saluni, ngakhale mu minibasi. Mtsikana anamenyedwa, anzake anasonkha ya thiransipoti, anamusunga kunyumba, mwina anamuperekeza ku Victim Support Unit kupolisi. Pakutha miyezi iwiri, akumva kuti ali kwa bambo yemwe uja. Basi wina n'kunena kuti, "Ameneyo ndamutaya, aziona yekha."

Kukwiya kwakeko tikukumvetsa. Koma asisi, tisanamutaye, tiyeni tione chimene chimamubweza.

Lendi ku Ndirande kapena ku Area 25 sidikira kuti mabala apole. Ana akufuna fizi. Kumudzi akafika, azakhali akumukumbutsa zomwe anamuuza pa chilangizo, zoti banja ndi kupirira. Ankhoswe akhala pansi, bambo uja wagwada, walira, walonjeza. Ndipo pali china chomwe ambiri safuna kuchimva: mwina akumukondabe. Munthu womumenyayo ndi yemwe uja ankamudikira pa siteji mvula ikugwa. Mtima suzima ngati magetsi. Kwina n'kuopa chabe, chifukwa nthawi imene mkazi akuchoka ndi pomwe mwamuna wankhanza amaopsa kwambiri, ndipo iye amazidziwa bwino kuposa ife tonse.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Mwamuna wankhanza sayamba ndi chibakera. Amayamba ndi kufufuza foni, kunyoza anzako kuti ndi mahule, kukuletsa kupita kwanu, mpaka utsale wekha. Ife tikamubloka mnzathu chifukwa wabwerera, tamutsirizira ntchito bambo uja. Tsiku lomwe adzamenyedwenso, manyazi adzamugwira, sadzaimbira aliyense.

Chifundo chimene tikunena pano si kuvomereza nkhanza ayi, komanso si kumunamiza kuti zili bwino. Mutha kumuuza mosabisa kuti mukuda nkhawa ndi moyo wake, n'kuwonjezera kuti, "Khomo langa ndi lotsegula, ngakhale usiku." Mawu oti "mesa ndinakuuza" amezeni, ngakhale akuyabwa pakhosi. Musungireni fotokope ya chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, ndi lipoti la dokotala ngati analandira. Kandalama kochepa kakhale pa Mpamba kapena Airtel Money yanu, osati yake. Gwirizanani mawu amodzi oti akakutumizirani mudziwe kuti zavuta. Mukumbutseni kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khothi kupereka chiletso chomuteteza, ngakhalenso kulamula kuti wankhanzayo ndi amene atuluke m'nyumba, ndipo sachita kudikira kuti banja lithe kaye. Nambala ya 5600 ndi yaulere. Koma tsiku lochoka asankhe yekha. Wakhala nthawi yaitali akulamulidwa, safunika bwana wachiwiri.

Nanga inu amene mwakhala mukuyankha mafoni a 2 koloko usiku? Mwatopa eti? Kutopako si tchimo. Inu si apolisi, si khothi, ndipo kubwerera kwake sikutanthauza kuti munalephera. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Lero sindikwanitsa kumvetsera, ndikuimbira mawa," bola mawalo muimbedi. Katundu ameneyu musasenze nokha. Mukhale awiri kapena atatu odalirika, iye akudziwa, muzipokezana. Ndipo ngati nkhani yake ikukutoserani zilonda zanu zakale, pezani woti inunso mulankhule naye. (Ife atsikana tinaphunzitsidwa kudya pomaliza, ndiye kupuma timakuona ngati kudzikonda. Zimenezo n'zabodza.)

Tikudziwa kuti pa omwe akuwerenga pano, wina ndi iwe amene unabwerera, ndipo mwina ukuwerenga mobisa. Suli wopusa. Unayesa, ndipo kuyesako sikunapite pachabe: tsopano ukudziwa njira, ukudziwa amene anakutsegulira chitseko, ukudziwa chimene chinasowa ulendo woyamba. Mawu amene umadzinyoza nawo usiku, ukawamvetsera bwino, ambiri si ako, ndi ake. Mnzako uja amene ukuchita naye manyazi, mutumizire ka "bho?" chabe. Ukatha kuwerenga, fufuta zimene zikufunika kufufuta pa foni.