Akazi a Ngungunhane nawonso anamangidwa

Mwana aliyense amene anadutsa pa sukulu m'Mozambique amadziwa za Chaimite. Pa 28 Dezembro 1895, Mouzinho de Albuquerque anagwira Ngungunhane, mfumu yotsiriza ya ufumu wa Gaza. Nkhani imeneyi ili m'mabuku a sukulu. Koma mukafunsa mwana yemweyo kuti ndani wina anakwera naye sitima yapamadzi, amangokanda m'mutu.

Mfumuyo inafika ku Lisboa mu Março 1896 pamodzi ndi akazi ake 7: Namatuco, Machacha, Patihina, Xisipe, Fussi, Muzamussi ndi Dabondi. Panalinso mwana wake Godide, Molungo, ndi mfumu Zixaxa amene anali ndi akazi ake atatu. Onse anayendetsedwa m'misewu ya mzindawo kuti anthu awaone ngati nyama za kutchire, kenaka anatsekeredwa m'linga la Monsanto.

Apa ndiye pamene pali nkhani yowawa. Apwitikizi anaona mitala ngati chinthu chonyazitsa. Choncho chaka chomwecho amuna anatumizidwa ku chilumba cha Terceira, ku Açores, ndipo amayi 10 aja anaponyedwa ku São Tomé. Anthu amene ankati akuteteza ukwati ndi omwewo anapasula mabanja. Amayi amene ku Mandlakazi ankatumikiridwa anasanduka antchito a eni dziko, kutali ndi abale, kopanda womva chilankhulo chao. Iwo sananyamule nthungo ku Coolela kapena ku Magul. Mlandu wao unali umodzi basi: kukwatiwa kwa mfumu.

Ndipo tisanamizane, ngakhale ukwatiwo si onse anaufuna. M'maufumu otere mwana wamkazi ankaperekedwa kuti mafumu agwirizane. Angoni a ku Angónia, amene makolo ao anachokera kum'mwera nthawi imodzi ndi Soshangane, agogo a Ngungunhane, sangadabwe nazo. Achopi nawonso ali ndi zao zokumbuka za ufumu wa Gaza, ndipo si zokoma.

Ngungunhane anamwalira ku Angra do Heroísmo mu Dezembro 1906, atabatizidwa dzina loti Reinaldo. Mu 1985, pa ulamuliro wa Samora Machel, bokosi lake linalandiridwa ndi ulemu waukulu ndi kuikidwa mu Fortaleza ya ku Maputo. Panali mbendera, asilikali ndi malankhulidwe. Amayi aja sanakonzeredwe mwambo wofanana nawo.

Amene wawakumbuka ndi mlembi Ungulani Ba Ka Khosa, m'buku lake As Mulheres do Imperador la mu 2018, lofotokoza kubwerera kwa ena mwa iwo ku Lourenço Marques mu 1911. Koma ndi angati ku Ulóngwe kapena ku Furancungo amene angalipeze bukuli? Ntchitoyi ndi ya Unduna wa Maphunziro. Maina 7 sangadzaze ngakhale mizere iwiri ya buku la mbiri, ndipo pa khoma la Fortaleza malo alipo olembapo.