Chitenje chikalowa m'kompyuta chisasiye dzina lake pakhomo

Atelala a kunyanja sataya nsalu. Amene anaimapo pakhonde la telala kwathu ku Nkhudzi, ku Monkey Bay kapena kwa Chembe akulidziwa thumba lija limakhala pansi pa makina, lodzaza ndi tizidutswa ta zitenje totsala posoka madiresi. Tizidutswa timeneti amatilumikiza n'kupanga zikwama, zipewa, mapilo ndi zofunda za zigambazigamba zimene alendo obwera kumakoteji amazikonda kwambiri. Chofunda chotere Azungu amachitcha quilt: pamwamba zigamba, pakati thonje, pansi nsalu ina, zonse n'kuzisokera pamodzi.

Ku America, kumene luso limeneli lili ndi anthu ambiri, anafika polipangira pulogalamu ya pakompyuta. Yodziwika kwambiri ndi Electric Quilt, ya kampani ya ku Bowling Green m'chigawo cha Ohio, imene inayamba kutuluka mu 1991. Mtundu wake wotchedwa EQ8 unatuluka mu 2017. Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Munthu amajambula chofunda chonse pakompyuta, n'kuchigawa m'timagawo. Kenako amatenga chithunzi cha nsalu yeniyeni, chojambula ndi foni kapena sikana, n'kuchiika m'kagawo kalikonse. Asanagwire lumo, amaona mmene chofundacho chidzaonekere, ndipo pulogalamuyo imamuwerengera kuchuluka kwa nsalu imene adzafune pa mtundu uliwonse.

Maganizo anga ndi akuti njira imeneyi tiilandire, pakuti ngakhale foni wamba ikutha kuchita zina mwa zimenezi. Koma tiilandire maso ali gwa, chifukwa chithunzi chimatenga maonekedwe a chitenje n'kusiya kumbuyo zimene chitenjecho chimanena.

Ndiyambe ndi phindu, poti lilipo ndithu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chitenje cha mamita awiri sunakhalenso pamene unali, pakuti zitenje zambiri za pamsika zimachokera kunja. Azakhali anga, amene amasoka kwathuko, amati lumo silibwerera m'mbuyo. Ukadula molakwika, ndalama zapita. Kale iwo ankayala zidutswa pamkeka, n'kumazisuntha mpaka mtima utakhala pansi. Mwera ukangouka, ntchito yonse iyambirenso. Komanso mlendo amene wabwerera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg akafuna chofunda, amafuna kuona kaye asanatumize ndalama. Kumutumizira chithunzi cha chofunda chimene sichinasokedwe n'komwe, iye n'kunena kuti chofiiracho chachuluka, kumapulumutsa nsalu ndi ubale womwe.

Zovuta ziwiri zoyambirira n'zaluso chabe. Choyamba ndi muyeso. Kompyuta sidziwa ngati duwa la pachithunzi lili lalikulu ngati mbale ya nsima kapena ngati ndalama yachitsulo. Nsalu zambiri zimene amasokera zofunda ku America zimakhala za timaluwa ting'onoting'ono, pamene chitenje chathu chimakhala ndi nsomba yaikulu ngati mkono. Ukapanda kuiuza kompyuta muyeso, pagalasi kagamba ka masentimita 10 kaonetsa nsomba yonse, koma ukadula nsalu yeniyeni upeza kuti wangotenga diso lokha. Mankhwala ake ndi kuika tepi yoyezera pambali pa nsalu pojambula. Chachiwiri ndi mtundu. Galasi la foni limapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, pamene nsalu ili ndi utoto umene umasintha ndi dzuwa ndi sopo. Chitenje chojambulidwa masana pamchenga wa kunyanja chimaoneka chombuwirira. Chomwecho pansi pa mtengo wa mango chimaoneka china. Izi telala wanzeru aziphunzira m'sabata imodzi.

Chimene chikundikhudza ine, monga wophunzira za zinenero, ndi chachitatu. Chitenje chimalankhula. Mbiri yake ikutiuza choncho. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond m'dziko la Netherlands, imene inayamba mu 1846, inkatsanzira ndi makina nsalu za batik za ku Indonesia. Msika wake weniweni unapezeka kuzambwe kwa Africa, ndipo kumeneko amayi amalonda, monga aja a ku Lomé otchedwa Nana Benz, ndi makasitomala awo ndiwo ankapereka mayina ku nsalu zimene fakitale inkangozipatsa manambala. Ina anaitcha, m'Chifalansa, dzina lotanthauza diso la mkazi mnzanga. Mayi akaivala pamitala, uthenga wafika popanda kutsegula pakamwa. Anzathu a ku Tanzania anapitirira pamenepo: kanga yawo imakhala ndi mawu a Chiswahili olembedwa m'munsi, ndipo munthu amagula mawuwo kuposa maluwa.

Ifenso tili nazo. M'nthawi ya Kamuzu Banda, mbumba inkavina itavala zitenje za nkhope yake, ndipo kuyambira pa chisankho cha 1994 chipani chilichonse chakhala chikusindikiza chake. Pali chitenje cha mpingo chokhala ndi vesi, cha bungwe chophunzitsa za malungo, cha ukwati chimene akuchikazi onse amavala chofanana. Ndiye pali mayina a pakhomo amene sanalembedwe paliponse: "cha paukwati wa uje", "cha chaka cha njala", "chimene anaberekera mwana woyamba". Azakhali anga akatenga kachidutswa m'thumba muja amatha kunena mwini diresi ndi mwambo umene anakavalira. Mlendo wina anawapempha kuti amusokere pilo wa zidutswa za nsalu ya mpingo, poti mtundu wake unamusangalatsa. Anakana. Anati mawu a Mulungu sadulidwa pakati kuti munthu azitsamira. Ndaonanso akutembenuzatembenuza nsalu ya chipani kufuna podula posadutsa pankhope ya munthu, ngakhale munthuyo sanamuvotere.

Pulogalamu ya pakompyuta siidziwa zimenezi. Ili ndi chida chosunthira chithunzi cha nsalu m'kati mwa kagamba mpaka duwa litakhala pakati penipeni, ndipo chida chomwecho chikhoza kudula nkhope kapena vesi mosaona kanthu. Sindikuinena kompyuta; mpeni sufunsa chimene ukudula. Amene ndikumudera nkhawa ndi mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu wanga amene adzaphunzire lusoli pagalasi, kutali ndi khonde la telala, zithunzi zake zili m'foni ndi mayina onga IMG_2047. Dzina limeneli silinena kanthu. Likapita pa WhatsApp kwa anthu khumi, nsaluyo yasanduka "African print", mawu amene amasonkhanitsa Mangochi, Accra ndi Kinshasa m'thumba limodzi.

Tione mmene eni pulogalamuwo amachitira ndi nsalu zawo. Makampani a nsalu a ku America, monga Moda, amapereka okha zithunzi za nsalu zawo kuti anthu aziike m'mapulogalamu otere, ndipo nsalu iliyonse imadziwika dzina la gulu lake, nambala yake ndi amene anaijambula. Amadziwa kuti chithunzi chikayenda ndi dzina, wogula abwerera kwa mwini. Kuno tili ndi fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene inayamba mu 1967 n'kugulitsidwa kwa Mapeto mu 2003. Wojambula maluwa a nsalu m'fakitale yotere ndi mmisiri ngati woimba, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lilipo pofuna kuteteza amisiri. Koma chithunzi chowongoka bwino, cha muyeso wolondola, chimene telala akufuna, ndicho chimenenso wokopera akufuna. Vlisco yakhala ikulimbana kwa zaka zambiri ndi nsalu zokopera zochokera ku China. Chithunzi chopanda dzina chimapeputsa ntchito ya wakuba, chifukwa palibe amene angaloze kumene chinachokera.

Wina anena kuti ndikukulitsa nkhani, kuti telala wa ku Nkhudzi akufuna makasitomala, osati kusunga mbiri, ndipo pulogalamu yogula ndi madola sangaifikire n'komwe. Zoona, ambiri sangagule EQ8. Koma kujambula nsalu ndi foni anayamba kale, ndipo chimene ndikupempha sichilira tambala. Pojambula, m'mphepete mwa nsalu muoneke, muja mumalembedwa dzina la fakitale ndi nambala, mbali imene telala amayamba kuidula n'kutaya. Tepi ikhale pambali. Ndipo fayiloyo ipatsidwe dzina limene eni ake amaitchulira nsaluyo, m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndi mawu owerengeka onena ngati ili ya mpingo, ya chipani kapena ya mwambo. Mlendo wogula chofunda amalipira mokondwa akauzidwa nkhani ya kagamba kalikonse. Izi azakhali anga anazizindikira kalekale asanagwirepo foni.

Ife a dipatimenti ino timatumidwa kumidzi kukatolera miyambi, nthano ndi mayina a nsomba. Mayina a zitenje ndi mawu olembedwa pa izo ndi chinenero chimodzimodzi, ndipo chimatha msanga kuposa nthano, chifukwa nsalu ikang'ambika imakhala chopukutira mbale. Pa tchuthi chikubwerachi ndikufuna ndikakhale pakhonde la azakhali ndi foni, tepi ndi kope, tikhuthule thumba lija pamkeka, iwo azitchula ine ndizilemba.