Kacirombo Kamene Kamadya Namasupuni

Mlimi wa kuno ku Angónia akamva kuti anthu ophunzira akuweta tizirombo mwadala, amadabwa. Mwina inunso mukudabwa. Si ife tomwe takhala tikulira ndi nchemberezandonda m'cimanga kuyambira 2017? Komatu pali tizirombo tina timene timagwira nchito imene yakanika khasu ndi mankhwala.

Tiyambe ndi bango. Kwa ife bango ndi cuma. Timalukira mphasa, timamangira mipanda. Koma ku Canada ndi ku America, mtundu wa bango wocokera ku Ulaya wasanduka mdani. Umadzaza dambo lonse, zomera zakumeneko n'kufa, mbalame ndi akamba n'kusowa pokhala. Mu 1998 akatswiri a bungwe la CABI ku Switzerland anayamba kufufuza tizirombo timene timadya bangoli kwawo ku Ulaya. Mu 2019 boma la Canada linalola kuti mitundu iwiri ya agulugufe a usiku aitulutse m'madambo. Mbozi zake zimaboola phesi la bango n'kumadya m'kati. Tawerengani zakazo: zoposa 20. Nthawi yonseyo ankayesa ngati mbozizo sizingatembenukire zomera zina.

Kuno kwathu comera covuta m'madzi ndi namasupuni. Mwina munamuonapo. Amayandama, masamba ake ndi onenepa ndi onyezimira, maluwa ake ndi okongola ndithu. Kwawo ndi ku South America, ndipo kukongolako n'kumene kunacititsa anthu kumufalitsa m'maiko ambiri. Anabwera yekha, adani ake anatsala kwawo. N'cifukwa cake madzi akakhala ofunda ndi acakudya cambiri, malo amene waphimba amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha.

Mumtsinje wa Shire anayamba kuoneka ca m'ma 1960. Shire si wa ku Malawi kokha ai. Amadutsa m'malire a Mutarara, m'cigawo cathu ca Tete, asanathire mu Zambezi. Namasupuni akaculuka, bwato silidutsa, ukonde umakodwa, ndipo pansi pake nsomba zimasowa mpweya. Udzudzu ndi nkhono za likodzo zimapeza pobisala. Ku Nkula ndi ku Tedzani, zomera zoyandama zakhala zikutseka polowera madzi a makina a magetsi.

Mu 1995 dziko la Malawi linabweretsa tizirombo totchedwa Neochetina. Kamaoneka ngati nankafumbwe, koma musaope, si wa m'nkhokwe uja. Cimanga kapena mbatata sikadya. Kakakulu kamadya masamba a namasupuni n'kuikira mazira m'phesi. Mphutsi zake zimakumba njira kutsikira pansi. Madzi amalowa m'mabowomo, comera cimaola n'kumira. Ku nyanja ya Victoria, kumene namasupuni anatseka madoko ca m'ma 1998, anacepa kwambiri patangopita zaka zocepa, ndipo tizirombo tomweti tinathandiza.

Nanga bwanji namasupuni akadalipo mpaka lero? Apa mpamene ambiri amakhumudwa. Kacirombo sikamaliza cakudya cake. Kamangocicepetsa, ndipo zimatenga zaka zitatu mpaka zisanu. Madzi osefukira amakokolola tizirombo pamodzi ndi zomera. Ndiye pali zinthu ziwiri zokhudza ife mwacindunji.

Coyamba ndi cisanu. Akatswiri a ku South Africa anaona kuti kumalo okwera ndi ozizira tizirombo timeneti timaswana pang'onopang'ono. Inu mukukudziwa kuzizira kwa June ndi July ku Ulónguè. Namasupuni atalowa m'madamu athu, ine sindingadalire kacirombo kokha.

Caciwiri ndi feteleza. Tikalima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula imatenga feteleza ndi ndowe kupita nazo m'madzi. Namasupuni akakhuta zimenezi amakula mofulumira kuposa m'mene tizirombo tingamudyere. Madzi a kuno amatsika ndi Revúbuè kukalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Msodzi wa kumunsi amalandira zimene dimba lathu lataya. Kusiya bango ndi udzu m'mbali mwa mtsinje kumagwira dothi ndi feteleza uja asanafike m'madzi.

Mukamuona namasupuni m'damu la nsomba kapena pa citsime ca kudimba, muzuleni akadali wocepa, asanacite maluwa. Muumitseni pamtunda, kutali ndi madzi, ndipo auzeni alangizi a zaulimi. Mukacedwa n'kugwetsa njere, njerezo zimatha kukhala m'matope zaka zoposa 15 n'kudzameranso.