Botolo ndi lomwelo, koma mitu ndi yosiyana

Lachisanu madzulo ku Kabwata, anyamata awiri akumwa Mosi. Wina akatsiriza botolo lachiwiri amayamba kuyasamula, n'kukakwera minibasi ya ku Chelstone. Mnzakeyo m'pamene magazi amatentha. Aitanitsa lachitatu, lachinayi, mpaka ndalama ya lendi yathera pa kauntala.

Akatswiri a za maganizo apeza kuti anthu aphuma, ochita zinthu asanaganize, kawirikawiri amamva kwambiri kukoma ndi chisangalalo cha mowa, pamene tulo ndi kufooka, zomwe zimauza ena kuti basi zakwana, zimawapeza mochedwa. Mowawo umafooketsanso mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imagwira ntchito ngati buleki.

N'chifukwa chake boma linachita bwino mu 2012, nduna Nkandu Luo italetsa tujilijili. Mowa waukali wotchipawu, wopezeka pa kantemba paliponse, unkakola msanga munthu wotereyu.

Koma phuma silisankha komboni. Lilinso m'mabala odula a ku Kabulonga ndi Woodlands. Eni mabala azikana kuthirira munthu amene waledzera kale, ndipo achibale azimutengera msanga kwa alangizi a pachipatala cha Chainama, asanagulitse katundu wa m'nyumba.