Kodi Nkhani za Malodza Zikutibweza M'mbuyo?

Chiyambire pamene alembi achinyamata anayamba kulemba nkhani zifupizifupi zimene mumapezeka akufa akubwera kudzadya nsima pamodzi ndi amoyo, kapena khanda likulankhula tsiku lobadwa, osati m'dziko la Kalulu ndi Njovu ayi, koma m'mudzi wokhala ndi chigayo, tchalitchi ndi golosale, pabuka mkangano umene mbali zonse ziwiri zikuuyendetsa mwaulesi. Ena akuti zimenezi n'zachikunja ndiponso zotichititsa manyazi pamaso pa mitundu ina. Anzawo angoyankha kuti ndicho chikhalidwe chathu, ngati kuti mawu amenewo atha mlandu. Ine ndili kumbali ya alembiwo, ngakhale kuti chifukwa changa si chimenecho.

Amanyaziwo sinditaya nawo nthawi. Amos Tutuola wa ku Nigeria atatulutsa The Palm-Wine Drinkard mu 1952, ophunzira ambiri a kwawo anaipidwa, poopa kuti Azungu adzawayesa anthu a mizukwa. Koma mu 1991 Ben Okri, mwana wa dziko lomwelo, analandira mphoto ya Booker chifukwa cha The Famished Road, nkhani ya mwana wa mizimu. Gabriel García Márquez wa ku Colombia, amene analandira Nobel mu 1982, ananena yekha kuti kasimbidwe kake anakatengera kwa agogo ake aakazi, amene ankafotokoza zozizwitsa nkhope ili gwa. Ndani wa ife sanakhale nawo agogo otere?

Chimene otsutsa alephera kuona ndi ntchito imene chozizwitsa chigwira m'manja mwa mlembi waluso. Nthano ya madzulo imayamba ndi "padangokhala", ana nayankha "tilitonse", ndipo aliyense adziwa kuti watuluka m'dziko lino. Koma mlembi wa nkhani izi asiya chodabwitsacho pakati pa mudzi weniweni, kuti chinene zimene wakumudzi aziona koma alibe mawu ake. Taonani nkhani ya Mia Couto wa ku Beira, m'buku lake la 1986, Vozes Anoitecidas. Mnyamata wamasiye, Azarias, akuweta ng'ombe za amalume ake, ndipo ng'ombe yaikulu koposa, yosungidwira malowolo, iphulika masanasana nyama zake n'kumwazika. Mwanayo, posadziwa kanthu za mabomba okwiriridwa pansi, akhulupirira kuti yakanthidwa ndi ndlati, mbalame ya mphezi, ndipo aopa kubwerera kumudzi. Woŵerenga adziwa bwino lomwe kuti ndi bomba. Komatu palibe lipoti la nkhondo ya ku Mozambique limene lingamulase mtima monga mbalame ija, pakuti waona nkhondo ndi maso a mbusa amene chokhumba chake chinali kupita kusukulu basi.

Kwathu kunonso Steve Chimombo anaidziwa njira imeneyi. Napolo, amene anthu amati anadutsa ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, phiri likugumuka ndi madzi, anamutenga namuika m'ndakatulo zake m'masiku a chipani chimodzi, pamene kutchula chowononga ndi dzina lake kunali kudziitanira ndende.

Pali otsutsa ena, komabe, amene ndiwavulira chipewa, chifukwa mantha awo ali ndi maziko. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera oyandikana, ndipo kufikira lero nkhalamba zimamenyedwa, zina kuphedwa kumene, poganiziridwa ufiti. Mlembi amene aonetsa gogo wamasiye akukwera fisi usiku, nkhani n'kutha gogoyo atapezeka wolakwa, wathira mafuta pa moto umene ukuyaka kale, ndipo sindimuikira kumbuyo. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene afuna kuti aphunzitsi ndi oweruza mipikisano akane nkhani iliyonse yokhala ndi mzimu adzataya Couto ndi Chimombo pamodzi ndi wolemba zachabe uja, pomwe kuwasiyanitsa sikuvuta konse: afunse ngati chozizwitsacho chikuloza chala munthu wosauka wa m'mudzimo, kapena chikuvumbula njala, nkhondo ndi nkhanza za akulu. Ndipo sindinamvepo kuti gulu limene linazinga nyumba ya nkhalamba linali litangotseka buku la nkhani zifupizifupi.