Dotolo Asatseke Mabuku Ace

Alipo anthu m'midzi mwathu amene aipidwa pakumva kuti dotolo wa pa cipatala cao alikuphunzirabe madzulo pa lamya yace ya m'manja, mwa njira ija ya intaneti. Ati, "Ngati munthuyu sanatsirize sukulu, anampatsiranji cipatala?" Aliponso madotolo ena, makamaka okhalitsa pa nchito, amene ayesa maphunziro otere masewera a anyamata. Ife titsutsana nao onsewa kolimba, pakuti mlandu uwu ukhudza moyo wa makanda ndi amai ao.

Taganizani za dotolo amene analandira kalata yace m'caka ca 1995, natseka mabuku tsiku lomwelo. Iye anaphunzira kuti khanda likhoza kuyamba phala litangofika miyezi inai. Koma m'caka ca 2001 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yathunthu, wosampatsa ngakhale madzi. Kale mai wokhala ndi kacirombo ka HIV anauzidwa kuti aletse mwana kuyamwa msanga, ndipo ambiri a ana oletsedwawo anadwala kutsegula m'mimba, ena namwalira. M'caka ca 2010 malangizo anasintha: mai amwe mankhwala nayamwitsebe caka cathunthu. M'caka ca 2011 dziko lathu la Malawi linatsogolera maiko ena pakupatsa mankhwala a moyo wonse mai ali yense wapakati wopezeka ndi kacirombo. Tsono dotolo wathu uja, ngakhale ali wa mtima wabwino, adzapatsa mai uphungu woika mwana wace pangozi, iye mwini osadziwa.

Tikhalitse pang'ono pa kacingwe kaja kamene ayesera nako mkono wa mwana ku sikelo. Kale malire a kunyenchera koopsa anali masentimita 11. Kuyambira 2009 ali 11.5. Theka la sentimita liposedwa ndi njere ya cimanga. Koma mwana amene mkono wace ugwa pakati pa malire awiriwa, akafika kwa wosunga ciwerengero cakale abwezedwa kwao ndi mau akuti, "Muzimdyetsa bwino, amai". Akafika kwa wophunziranso alembedwa m'buku, nalandira ciponde. Ndipo cipondeco ndi ca dzulodzulo. Mark Manary ndi anzace anayamba kuciyesa ku Blantyre m'caka ca 2001, naonetsa kuti mwana wonyenchera amene akali ndi mtima wa kudya akhoza kucira ali pakhomo, amace osagona masabata m'cipatala munda ulikumera udzu. Zonsezi sizinali m'mabuku a 1995. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma pano wosafunsa ndi dotolo, wakudya phula ndi khanda.

Ena adzati, "Bwanji osawaitana ku misonkhano monga mwa masiku onse?" Misonkhanoyo tiidziwa. Dotolo acoka sabata lathunthu kunka ku nyumba ya alendo kunyanja, amai nakhala pakhonde ndi ana kumbuyo kufikira dzuwa litapendeka, nabwerera osaonedwa. Tisabise mau: ambiri aikonda misonkhanoyo cifukwa ca ndalama zogonera, ndipo oitanidwa kawiri kawiri ndi omwewo a pafupi ndi boma. Phunziro la pa lamya limpeza ndi uja wa kumalire yemwe, ndipo m'mawa mwace ali pa nchito.

Kwa inu madotolo tiri ndi mau amodzi. Ife aphunzitsi timdziwa mwana woloweza yankho wosamva tanthauzo lace. Ndipo iye wongokhudza-khudza galasi la lamya kufikira kalata ituruke sasiyana naye. Kalembera wa zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osafika zaka zisanu anali opinimbira m'dziko lino. Ana otere sathandizidwa ndi kalata yopacikidwa pakhoma.

Ndipo inu a m'komiti ya cipatala, pa msonkhano wanu ulinkudzawo mufunse ngati dotolo ali ndi magetsi odzazira lamya yace, ndi amene amlipirira intaneti. Pakuti nkosayenera kuti ndalamayo icoke m'thumba mwace.