Kodi Nambala Yotsatira Ndi Iti?

Aphunzitsi anzanga, ambirife tinalembapo pa bolodi nambala izi: 1, 2, 4, 8, 16, ndi kufunsa ana kuti yotsatira ndi iti. Wolemba 32 timamchonga. Wolemba ina timamthetha ndi inki yofiira. Ine ndikuti chizoloŵezi chimenechi tichiunikenso.

Jambulani bwalo lozungulira, muike timadontho m'mphepete mwake, ndipo mulumikize kadontho kalikonse ndi tinzake tonse pojambula mizere yowongoka. Kadontho kamodzi kasiya bwalolo lili chigawo chimodzi, tiŵiri tipereka zigawo 2, titatu, 4, tinayi, 8, tisanu, 16. Koma tikakhala 6, zigawo sizipitirira 31, ngakhale mutatiika mwaluso chotani. Nanga mwana wolemba 31 walakwanji?

Yankho la 32 timalikonda chifukwa lamulo lake, loŵirikiza kaŵiri, ndi lalifupi. M'chaka cha 1964 katswiri wa masamu wa ku America, Ray Solomonoff, anafalitsa njira yoyezera malingaliro otere. Iye anati titenge malamulo onse amene kompyuta ingatsate potulutsa nambala taonazo, tiwalembe ndi 0 ndi 1, ndipo lililonse tilipatse kulemera kwake; lamulo likatalika ndi chizindikiro chimodzi, kulemerako kuchepe ndi theka. Motero lamulo lalifupi limatsogola, koma lalitali silitayidwa.

Njira imeneyi ili ndi malire aŵiri. Oyamba ndi akuti palibe kompyuta imene ingamalize chiŵerengero chimenechi, pakuti Alan Turing anaonetsa mu 1936 kuti alipo mafunso amene makina oŵerengera sangawayankhe. Limodzi ndi lakuti kodi ntchito imene makina ayamba idzatha kapena ayi. Achiŵiri ndi akuti njirayi imayembekeza kuti chilengedwe chimayendera lamulo limene kompyuta ingatsate. Zimenezi palibe anazitsimikiza. Ngati chilengedwe sichitero, ndiye kuti lamulo lenileni mulibe m'ndandandamo.

Ngati akatswiri amadzichepetsa chotero, ife tisaphunzitse ana kuti lamulo lapafupi ndilo loona nthaŵi zonse. Funso lathu likhale lakuti, "Yotsatira ingakhale iti, ndipo chifukwa chake nchiyani?" Wolemba 32 timuyamikire posankha lamulo lalifupi. Wolemba ina timuitane ku bolodi kuti afotokoze. Ngati lamulo lake likugwirizana ndi nambala zonse zisanu, alandire malikisi ake. Pomaliza tiwajambulitse bwalo lija, kuti aŵerenge okha zigawo 31.